Kaundula kapena kangaude: mmene anthu ankasakira zinthu pa intaneti Google isanatchuke

Masiku ano munthu akafuna kudziwa kanthu amangosolola foni m'thumba, n'kulemba mawu awiri atatu m'kabokosi, yankho n'kutulukira. Ambirife sitidzifunsanso kuti waika yankho limenelo pamwamba ndani, nanga waliika pamenepo chifukwa chiyani. Koma pakati pa 1994 ndi 2000 funso limeneli silinkabisika. Makomo olowera pa intaneti anali ambiri, lililonse ndi khalidwe lake, ndipo munthu ankayenera kudziwa kuti funso lotere ndipita nalo kwa uyu, lotere kwa uyo. Makomowo anali a mitundu iwiri ikuluikulu. Kumbali ina kunali kaundula wa mawebusaiti, wosanjidwa ndi manja a anthu, ndipo mfumu ya kumeneko inali Yahoo. Kumbali inayo kunali makina ofufuzira, amene ankatuma pulogalamu yotchedwa kangaude kuti iziyenda tsamba ndi tsamba n'kumakopera mawu. Kuno n'kumene kunali AltaVista, Lycos, Excite, Infoseek, HotBot ndi anzawo.

Anthu ambiri akamakamba nkhaniyi amati unali mpikisano umene makina anagonjetsa munthu. Ine sindiiona choncho.

Vuto linabadwa limodzi ndi webu yomwe. Tim Berners-Lee atakonza World Wide Web ku CERN, malo ofufuzirako za sayansi a pafupi ndi Geneva, n'kuitsegulira anthu mu 1991, sanaikepo ofesi yolembetserako masamba. Aliyense wokhala ndi kompyuta yolumikizidwa ankatha kuika tsamba lake osauza munthu. Ufulu umenewo ndi umene unakulitsa webu mwamsanga, koma walira mvula walira matope: tsamba linkatha kukhalapo, labwino, lokhala ndi yankho lenileni limene ukufuna, iwe osadziwa n'komwe kuti lilipo. Unali mudzi wopanda nyakwawa yoti ukaifunse kuti wasamukira kuno ndani.

Poyamba masamba anali ochepa moti Berners-Lee ankadzisungira yekha mndandanda wa maseva, makompyuta osungira masamba a pa webu, ndipo anayambitsanso kaundula wotchedwa WWW Virtual Library. Anthu a ku NCSA, malo ofufuzirako za makompyuta ku Illinois, amene mu 1993 anatulutsa Mosaic, pulogalamu yoonera masamba imene inakokera anthu wamba ku webu, anali ndi tsamba lolengezerapo mawebusaiti atsopano. Kalelo webu isanafale kunali Archie, imene Alan Emtage anakonza ku McGill University ku Montreal mu 1990, koma iyo inkangosaka mayina a mafayilo, osati zolembedwa m'kati mwake.

Msika wosanjidwa bwino

Kumayambiriro kwa 1994 ophunzira awiri a pa Stanford University, Jerry Yang ndi David Filo, anayamba kusunga mndandanda wa mawebusaiti amene ankawasangalatsa. Mndandanda utatalika anaugawa m'magulu, magulu atadzaza anawagawanso m'timagulu. Chaka chomwecho anaupatsa dzina loti Yahoo. Mu Malichi 1995 inakhala kampani, ndipo mu Epulo 1996 inayamba kugulitsa masheya.

Amene wayendapo mumsika wa Limbe kapena wa Lilongwe samva zachilendo apa. Usipa ndi utaka uli kwakekwake, ndiwo zamasamba kwakekwake, a zitsulo ndi misomali kwawokwawo. Sufunika kudziwa dzina la wogulitsa. Umangolowera kumene kuli mtundu wa katundu amene ukufuna, n'kumayang'ana benchi ndi benchi.

Tiyerekeze kuti ndi 1997. Mwakhala pa kompyuta mu ofesi ina, modemu, kachipangizo kolumikiza kompyuta ku intaneti kudzera pa waya wa telefoni, yalira kulira kwake kuja kokhala ngati nkhululu yatsekeredwa m'chitini, ndipo tsamba la Yahoo likutseguka pang'onopang'ono kuyambira pamwamba. Mukuona magulu 14: zamalonda ndi zachuma, maphunziro, boma, zaumoyo, sayansi, zosangalatsa, madera ndi ena otero. Mukufuna za Malawi. Mudina pa madera, kenako pa mayiko, kenako pa Malawi. Pamenepo mupeza mawebusaiti owerengeka, osanjidwa motsatira zilembo, iliyonse ili ndi mzere umodzi wofotokoza zimene zili m'kati. Mzere umenewo sunachoke m'makina. Munthu wolembedwa ntchito ku California anatsegula webusaitiyo, anaiwerenga, n'kugamula kuti ikhale pano. Gulu la akonzi amenewa linkatsogoleredwa ndi Srinija Srinivasan, mmodzi wa antchito oyambirira a Yahoo. Webusaiti imene yawagometsa ankaiikira kachithunzi ka magalasi a dzuwa pambali, ndipo eni mawebusaiti ankakanyadira kachithunziko ngati mendulo.

Pali chinthu china chimene anthu ambiri a nthawi imeneyo sankachizindikira. Yahoo inalinso ndi kabokosi kolembamo mawu, kofanana ndi ka AltaVista. Koma mukalemba mawu m'menemo, inkayamba ndi kusaka m'mayina a magulu, m'mitu ya mawebusaiti ndi m'mizere yofotokoza ija basi. Zolembedwa m'kati mwa masamba sinkazidziwa. Ikapanda kupeza kanthu m'kaundula wake inkakupatsirani mayankho ochokera kwa makina a kampani ina: kuyambira 1996 anali a AltaVista, mu 1998 a Inktomi, mu 2000 a Google. Choncho ngakhale mfumu ya makaundula inkabwereka khasu kwa mnansi.

Ubwino wa kaundula unali woti zimene wapeza zadutsa m'maso mwa munthu. Zinyalala zinali zochepa. Komanso unkaona webusaiti pamodzi ndi anansi ake, moti wopita kukafuna chimodzi ankabwerako atadziwa zisanu zimene sakanaganiza n'komwe zozifunsa. Kwa munthu amene sadziwa bwino nkhani imene akufufuza, amene sadziwa ngakhale mawu oyenera kulemba, zimenezi zinali thandizo lalikulu.

Koma manja a anthu ali ndi malire. Webu inkakula usana ndi usiku, akonzi ankagona. Mwini webusaiti ankalemba fomu yopempha kuti aikidwe m'kaundula, n'kudikira milungu, mwina miyezi, ndipo ambiri sankayankhidwa n'komwe. Kaundula ankalembanso webusaiti yonse ngati chinthu chimodzi. Ngati yankho lanu linali pa tsamba limodzi lokwiririka m'kati mwa webusaiti ya yunivesite, mzere umodzi uja sukanakuuzani. Ndiye panali vuto lina lozama, la kusanja kwenikweniko. Kuika chinthu m'gulu n'kugamula kuti chinthucho n'chiyani. Yahoo itaika pansi pa Chiyuda bungwe lina la Ayuda okhulupirira Yesu, madandaulo anafika ochuluka, mpaka inasuntha. Akonzi anali ndi njira yochepetsera vutoli: gulu limodzi linkatha kuonekera m'malo angapo, lili ndi chizindikiro cha @ kumapeto kwa dzina lake kusonyeza kuti kwawo kwenikweni ndi kwina. Komabe wina ankayenera kunena kuti kwawo ndi kuti.

Belo la kaunjika

Makina ofufuzira anayenda njira ina. Mu Epulo 1994 Brian Pinkerton wa ku University of Washington anatulutsa WebCrawler, imene inkalola munthu kusaka mawu alionse a m'kati mwa tsamba, osati mutu wokha. Chaka chomwecho ku Carnegie Mellon University, Michael Mauldin anatulutsa Lycos, dzina lochokera ku mtundu wa akangaude amene sadikira pa ukonde koma amathamangitsa nyama yawo. Ndipo pa 15 Disembala 1995 kampani ya Digital Equipment Corporation inatsegula AltaVista, ntchito ya akatswiri ake a ku Palo Alto monga Louis Monier ndi Michael Burrows. Kampaniyo malonda ake anali makompyuta, ndipo AltaVista inali njira yoonetsera mphamvu za makompyuta ake a mtundu wa Alpha. Inatuluka ili ndi masamba mamiliyoni ambiri ndipo inkayankha mwaliwiro limene anthu anali asanaonepo.

Makina onsewa ankagwira ntchito m'magawo atatu, ndipo mpaka lero mafupa ake ndi omwewo. Choyamba kangaude. Amatsegula tsamba, n'kulikopera, n'kuona malinki onse amene ali pamenepo, n'kuwatsata mmodzimmodzi, osatopa. Wa AltaVista dzina lake anali Scooter. Akangaude oyambirira ena anali osaleredwa bwino, ankafunsa masamba mofulumira mpaka maseva ang'onoang'ono kukomoka, n'chifukwa chake mu 1994 Martijn Koster anabweretsa kafayilo ka robots.txt, kamene mwini webusaiti amaika pakhomo kuuza akangaude kuti kuno lowani, uku ayi. Kafayiloko kakugwirabe ntchito mpaka pano.

Chachiwiri ndi mlozera. Kumapeto kwa buku la sukulu kumakhala mndandanda wa mawu, lililonse ndi manambala a masamba amene likupezeka. Makina ankachita zomwezo ndi webu yonse imene kangaude wabwera nayo: mawu oti chambo ali pa tsamba ili, ili ndi ili. Apa pali mfundo yofunika kuigwira. Mukadina batani, makina sankapita kukasaka pa intaneti nthawi yomweyo. Ankasaka mu mlozera wawo, umene unali chithunzi cha mmene webu inalili tsiku limene kangaude anadutsa. Ngati mwini tsamba wasamuka kapena walifufuta, makina ankakulozeranibe pabwinja, ndipo mukadina munkakumana ndi nambala ija, 404, yotanthauza kuti tsambalo silinapezeke.

Chachitatu, ndiponso chovuta kuposa zonse, ndi kusankha kuti pa masamba zikwi makumi angapo amene ali ndi mawu anuwo, liti likhale pamwamba. Makina a nthawi imeneyo ankadalira kwambiri zimene tsamba likunena lokha. Mawuwo abwerezedwa kangati? Ali pamutu? Ali chakumayambiriro? Ena ankawerenganso timawu tobisika timene mwini tsamba ankalemba m'kati mwa khodi, tofotokoza kuti tsamba lake ndi la chiyani. Njira imeneyi inachokera ku malaibulale ndi nkhokwe za zikalata, kumene wolemba alibe chifukwa chonamizira makina. Pa webu chifukwa chinalipo, ndipo chinali ndalama. Anthu anayamba kulemba liwu limodzi kambirimbiri m'munsi mwa tsamba, ndi zilembo zoyera pa pepala loyera kuti maso asaone koma kangaude awerenge. Ena ankaikamo mayina a anthu otchuka osakhudzana n'komwe ndi zimene akugulitsa. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Mukafunsa wogulitsa aliyense kuti katundu wabwino ali ndi ndani, aliyense amadziloza yekha, ndipo wofuula kwambiri ndiye ankakhala pamwamba.

N'chifukwa chake ndimati makina a nthawi imeneyo anali ngati belo la kaunjika limene latsegulidwa kumene. Malaya amene mukufunawo alimo ndithu, mwina abwino kuposa a m'sitolo, koma muwerame, mufukule.

Ndipo kufukula kunali luso. Pa AltaVista, mukangolemba mawu awiri, inkatha kukupatsani masamba okhala ndi limodzi lokha mwa awiriwo. Wodziwa ankaika mawu oyendera limodzi pakati pa zizindikiro zogwira mawu, ankaika + patsogolo pa liwu limene liyenera kupezeka ndi - patsogolo pa limene sakulifuna. Taganizani wophunzira amene akufuna kafukufuku wa nsomba za mbuna za m'nyanja ya Malawi. Nsomba zimenezi zimawetedwa m'magalasi m'nyumba za anthu ku Ulaya ndi ku America, choncho akangolemba dzina la nyanja ndi la nsomba, amene amufikire poyamba ndi oweta ndi ogulitsa. Ayenera kubwerera, aike - patsogolo pa liwu la Chingerezi la galasi lowetera nsomba, ayesenso, achotsenso lina. Ulendo wachitatu kapena wachinayi ndi pamene tsamba la wasayansi limaonekera. AltaVista inalinso ndi malamulo ena, monga link: woonetsa masamba onse amene akuloza ku webusaiti inayake. M'malaibulale a mayunivesite munkachitika maphunziro a zimenezi, ndipo langizo limene linkabwerezedwa linali loti nkhani ikakhala yotakata yambani ndi kaundula, koma mukakhala ndi dzina, chiganizo kapena liwu losowa, pitani kwa makina.

Anthu ankaganiza kuti makina akuluwa ali ndi webu yonse. Steve Lawrence ndi Lee Giles a ku NEC Research Institute anayeza. Mu 1998 analemba m'magazini ya Science kuti masamba otheka kuwasaka analipo osachepera 320 miliyoni, ndipo HotBot, imene inaposa anzake onse, inali ndi pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu. Mu 1999 anayezanso n'kulemba mu Nature: masamba anali atafika pafupifupi 800 miliyoni, ndipo panalibe makina amene anapitirira 16 peresenti. Makina 11 onse kuwaphatikiza pamodzi anafika pa 42 peresenti yokha. Tanthauzo lake n'lakuti funso limodzimodzi linkabweretsa mayankho osiyana kwambiri pa Excite, pa Infoseek ndi pa Northern Light. Munthu wakhama ankafunsa atatu kapena anayi. Panabadwanso makina monga MetaCrawler ndi Dogpile, amene analibe kangaude wawo koma ankatenga funso lanu n'kulitumiza kwa angapo nthawi imodzi.

Kafukufuku wa 1999 uja anaonetsanso china chimene chimatikhudza ife. Makina ambiri ankafika msanga pa masamba amene ali ndi malinki ambiri owaloza, ndiponso pa masamba a ku America kusiyana ndi a mayiko ena, ndipo tsamba latsopano linkatha miyezi lisanalowe mu mlozera. Zambia inalumikizidwa pa intaneti mu 1994 kudzera mu ZamNet, imene inayambira pa University of Zambia, ndipo Malawi inatsatira patapita zaka zochepa. Webusaiti yoikidwa ku Lusaka kapena ku Blantyre nthawi imeneyo inali ngati nyumba ya kumapeto kwa mudzi kopanda njira: kangaude amayenda pa malinki, ndiye ngati palibe wakulozani, sadzakupezani pokhapokha mutakadzilembetsa nokha. M'kaundula mwayi unali wabwinopo, chifukwa dziko lililonse linali ndi benchi lake ngakhale likhale laling'ono.

Chilankhulo chathu nachonso chimaonetsa kusiyana kwa njira ziwirizi. Makina ofananitsa zilembo amaona kugula, ndinagula, anagulidwa ndi tikagule ngati mawu anayi osadziwana. M'Chingerezi kusintha kumachitika kumchira kwa liwu, ndipo makina ena ankalola kuika kanyenyezi kumapeto kuti agwire mitundu yonse. Kwathu kusintha kwakukulu kuli kumutu, ndiye kanyenyezi kakumchira sikathandiza kwenikweni. Onjezanipo kuti chilankhulo chomwechi ena amalemba Chichewa, ena Chewa, ena Chinyanja, ena Nyanja. Mkonzi wodziwa akhoza kuziika zonse pa benchi limodzi. Makina a 1997 analibe nzeru zimenezo.

Ndalama zinachokera kuti

Onsewa, makaundula ndi makina omwe, anali aulere kwa wogwiritsa ntchito. Ndalama zinkachokera ku zikwangwani zotsatsa malonda pamwamba pa tsamba. Apa panali msampha. Makina abwino amakupatsa yankho mwamsanga, iwe n'kuchoka. Koma wolipidwa ndi zikwangwani amafuna kuti ukhalitse. Choncho mmodzi ndi mmodzi anayamba kudzisandutsa bwalo la zonse: imelo yaulere, nkhani, zanyengo, mitengo ya masheya, macheza, masewera. Yahoo inagula Four11, kampani imene inali ndi imelo yaulere, mu 1997 n'kupanga Yahoo Mail, mu 1999 inagula GeoCities, malo amene anthu ankaikapo masamba awo kwaulere. Excite inameza Magellan ndi WebCrawler, mu 1999 inaphatikizana ndi @Home, kampani yolumikiza anthu pa intaneti, mu 2001 inagwa. Infoseek inalowa m'manja mwa Disney n'kusungunukira mu Go.com. Lycos inagulidwa ndi Terra ya ku Spain mu 2000. AltaVista, imene inatchuka chifukwa cha tsamba lopepuka, inachoka kwa Digital kupita kwa Compaq mu 1998, kenako kwa CMGI mu 1999, ndipo nayonso inadzaza tsamba lake ndi katundu. Ichi chakoma ichi chakoma, pusi anagwa chagada. Pamene webu inkakula koposa ndiponso achinyengo ankachenjera koposa, makampani amene ankayenera kukonza kasakidwe anali kalikiliki ndi zina.

Bill Gross anaona zinthu mwa njira yake. GoTo.com, imene anaitsegula mu 1998, sinabise kanthu: amalonda ankapikisana pa mtengo wa liwu, wolipira zambiri n'kukhala pamwamba, ndipo ankalipira pokhapokha munthu akadina. Ambiri ananyansidwa nazo. Koma maganizo amenewo, olipira munthu akadina, ndi amene akudyetsa makina ofufuzira mpaka lero. Yahoo nayo inayamba kulipiritsa amalonda kuti webusaiti yawo ionedwe msanga ndi mkonzi, ndipo pambuyo pake mtengo unakhazikika pa madola 299 pa chaka. Kwa kabizinesi kakang'ono ka kuno kwathu imeneyo sinali ndalama yamasewera.

Panali anthu ena amene sanavomere kuti kaundula wafa. Mu Juni 1998 Rich Skrenta ndi Bob Truel anayambitsa kaundula wotchedwa GnuHoo, kenako NewHoo, amene Netscape, kampani ya pulogalamu yoonera masamba, inagula chaka chomwecho n'kumutcha Open Directory Project, wodziwikanso kuti DMOZ. Nzeru yawo inali ya kumudzi kwenikweni, yoti mutu umodzi susenza denga: ngati akonzi olipidwa ndi ochepa, itanani odzipereka, aliyense asamalire kagulu ka nkhani imene amaidziwa. Anabwera zikwizikwi, ochokera m'mayiko ambiri, ndipo anatsegula magawo a zilankhulo zambiri. Kaundulayo anali waulere kwa aliyense wofuna kumukopera, moti Netscape, AOL, Lycos ndiponso Google ankamugwiritsa ntchito. Ine ndimaulemekeza kwambiri ntchito imeneyi. Koma nayo inali ndi zilonda zake. Timagulu tina tinkakhala topanda mkonzi kwa nthawi yaitali, mapempho n'kumangounjikana, ndipo panali madandaulo osatha akuti akonzi ena amakondera mawebusaiti awo n'kutsekereza a opikisana nawo.

Tsopano tifike pa Google, ndi chifukwa chimene ndakanira kuti makina anagonjetsa munthu.

Larry Page ndi Sergey Brin, nawonso ophunzira a pa Stanford, anayamba mu 1996 ntchito imene poyamba inkatchedwa BackRub. Mu pepala lawo la 1998 anatchula chitsanzo chowawa: mu Novembala 1997, pa makina anayi akuluakulu a zamalonda, amodzi okha ndi amene ankadzipeza okha pa mayankho khumi oyambirira munthu akalemba dzina lawo. Njira yawo, PageRank, inasiya kudalira kwambiri zimene tsamba likudzinenera, n'kuyamba kufunsa zimene ena akunena za ilo. Linki iliyonse inatengedwa ngati umboni. Ndipo maumboni sankalemera mofanana: linki yochokera pa tsamba limene nalonso ambiri amaliloza inkalemera kuposa yochokera pa tsamba losadziwika. Ankawerenganso mawu amene wolozayo walemba pa linkiyo, chifukwa nthawi zambiri mnansi amakufotokoza molondola kuposa mmene umadzifotokozera wekha. Sanali okha pa maganizo amenewa. Robin Li, amene anadzayambitsa makina ofufuzira a Baidu ku China, anali ndi njira yake yowerengera malinki yotchedwa RankDex, ndipo Jon Kleinberg anali ndi ina. Muzu wake ndi wakale, uli m'kawerengedwe ka asayansi koona kuti pepala lakuti latchulidwa ndi anzawo angati.

Kumudzi munthu akafuna sing'anga wabwino, mmisiri womanga kapena mbeta ya khalidwe, safunsa mwiniwake. Amafunsa anthu, ndipo mawu a munthu wodalirika amalemera kuposa a wongodutsa. PageRank ndi zomwezo zitalembedwa m'masamu. Nanga malinki amenewo anaika ndani? Anthu. Mphunzitsi amene analemba tsamba la mawebusaiti othandiza ophunzira ake, woyang'anira laibulale, munthu wokonda mbalame amene anasonkhanitsa masamba abwino a mbalame, aliyense anali mkonzi wa kaundula wake wamng'ono osadziwa. Makaundula akuluakulu nawonso anali m'gulu lomwelo, ndipo linki yochokera ku Yahoo kapena ku DMOZ inali yamtengo wapatali kwa eni mawebusaiti pa chifukwa chomwechi. Google inatenga kufika patali kwa kangaude n'kukuphatikiza ndi chiweruzo cha anthu mamiliyoni amene sinawalembe ntchito. Chiweruzo cha munthu sichinachoke. Chinangochoka poonekera n'kulowa m'kati mwa makina.

Pamenepo m'pamene pali kusiyana kumene kumandivutitsa. Mu Yahoo yakale, webusaiti ikaikidwa molakwika, cholakwacho chinkaoneka, ndipo panali munthu womulembera kalata. Unkathanso kutsegula gulu n'kuona kuti muli zinthu zisanu ndi ziwiri zokha, n'kudziwa kuti pa nkhani imeneyi palembedwa zochepa, mwina n'kuganiza zolemba wekha. Kabokosi sikakuuza zimenezo. Kamakupatsa mayankho khumi ngakhale pamene yankho lenileni palibe, ndipo zimene kasiya sudzazidziwa. Komanso njira yowerenga malinki imakondera amene ali kale ndi owaloza ambiri, ndiye tsamba la Chichewa lolembedwa bwino, lokhala ndi malinki awiri, limayamba mpikisano lili kumbuyo. Page ndi Brin eniake analemba m'pepala lomwe lija kuti makina ofufuzira odalira otsatsa malonda amakhala okondera otsatsawo. Mu Okutobala 2000 kampani yawo inayambitsa AdWords, njira yake yotsatsira malonda pambali pa mayankho.

Zotsala zinayenda mwachangu. Google inakhala kampani mu Sepitembala 1998, ndi tsamba loyera lopanda zikwangwani. Mu Juni 2000 Yahoo inaisankha kuti izipereka mayankho a kumbuyo kwa kaundula wake, ndipo potero inaionetsa kwa anthu mamiliyoni. Mu 2002 Yahoo inaika mayankho a kangaude patsogolo, kaundula n'kubwerera kumbuyo. Itazindikira kuti yalera mkango, inagula Inktomi ndi Overture, dzina latsopano la GoTo, imene inali itagula kale AltaVista, ndipo mu 2004 inasiyana ndi Google. Koma anthu anali atazolowera kale khomo lina. AltaVista inatsekedwa mu Julayi 2013, kaundula wa Yahoo kumapeto kwa 2014, DMOZ mu Malichi 2017. Ena mwa akonzi odzipereka aja anatenga zimene anasonkhanitsa n'kupitiriza pansi pa dzina loti Curlie.

Internet Archive, nkhokwe ya masamba akale imene Brewster Kahle anayambitsa mu 1996, inasunga zithunzi za masamba ambiri a nthawi imeneyo, ndipo aliyense akhoza kuziona pa Wayback Machine. Mukalembamo adiresi ya Yahoo n'kusankha 1996 kapena 1997, magulu 14 aja amatuluka, zilembo zabuluu zodulidwa mzere kunsi, pa tsamba lopepuka loti foni ya lero imalitsegula m'kuphethira kwa diso. Mukhoza kutsika gulu ndi gulu mpaka pamene kangaude wa nkhokweyo analekezera. Mayina a mawebusaiti alipo, mizere imene akonzi analemba ilipo, koma malinki ambiri mukawatsata kunja kwa nkhokweyo amakafika pabwinja.